Foni ya Amayi Yatsala ku Tongyeong

Bremen, 16 Sepitembala 2007

Achimwene Dusik,

Muli bwanji ku Tongyeong? Alamu ndi mwana wanu Minu ali bwanji, nanga Amayi? Ine kuno ndilipo, kungoti mimbayi yandilemera moti supuni ikagwa pansi imadikira pomwepo mpaka mwamuna wanga Torben aweruke ku ntchito. Adokotala akuti mwana abwera cha pa 20 Okutobala. Andiletsa mchere, andiletsa masitepe, andiletsanso kupsa mtima chifukwa magazi akuthamanga. Ndiye musandiyambe dala.

Mukudziwa kuti mimba ziwiri zija zinapita padera. Iyi ndi yoyamba kufika pano, ndipo ndili ndi mantha, sindikubisirani. Mwamuna wangayu ndi wabwino, koma ndi Mjeremani. Ndinamuuza kuti kwathu mkazi akabereka amatha masiku makumi awiri ndi limodzi osatuluka panja, osakhudza madzi ozizira, osamva nkhani yoipa, akungomwa msuzi wa miyeok, ndere za m'nyanja zija, wophika mayi ake. Iye akuti, "Atatu sangakwane?" Basi, ine ndikufuna Amayi.

Tikiti ndagula kale, anyamuka pa 8 Okutobala, kubwerera Disembala. Kwa inu kwatsala ziwiri zokha. Foni yoti igwire kuno, chifukwa akasokera pa bwalo la ndege ku Frankfurt adzafunsa ndani? Ndiponso inshuwalansi ya chipatala. Kuno mlendo akadwala alibe pepala limenelo, ndiye kuti mwagulitsa shedi yanu yotsegulira nkhono za m'nyanja ija pamodzi ndi boti. Musachite zanu zija za mawamawa.

Mlongo wanu,
Nanhui


Tongyeong, 27 Sepitembala 2007

Nanhui,

Moni kuchokera kwa tonse. Tilipo, chikondwerero cha zokolola cha Chuseok tadya bwino, kumanda kwa Abambo tinapitako. Mawamawa ndani? Zonse zatheka, bwana.

Foni ya Amayi singagwire kumeneko, akuti mawaya ake ndi osiyana. Ndawabwerekera ina, tidzaitenga pa bwalo la ndege tsiku lonyamuka. Yawoyi itsala ndi ine, ndiziwayankhira azimayi a kutchalitchi. Mlamu wako walemba pa katoni ndi zilembo zikuluzikulu kuti apa poyatsira, apa poyankhira.

Inshuwalansi ndalipira dzulo, ya miyezi itatu. Fomu yake inali ndi mafunso ngati kupolisi. Lina likuti, kodi mwapitako kuchipatala m'miyezi itatu yapitayi? Ndinawawerengera, iwo akupukuta tsabola pakhonde, osatembenuka n'komwe. Akuti, "Chipatala ndikatani ine? Zaka makumi anayi ndikutsegula nkhono choimirira, unandionapo nditagona? Lemba ayi." Ndinalemba ayi, anasayina.

Vuto lili pa miyeok. Agula yaitali kuposa iwo eni, sananenerere mtengo, ndipo akukana kuti tiipinde. Akuti ya mayi wobereka sapinda, ukapinda mwana amavuta kubadwa. Ndawauza kuti ndege si boti langa. Akuti ndiye ndiwauze a ndegewo. Ndamanga m'makatoni awiri olumikiza, ikuoneka ngati chitseko.

Usaope. Uzidya.

Dusik


Bremen, 10 Okutobala 2007

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Amayi afika, chitseko chawo chafikanso chosapindika. Torben anawaona akutuluka nacho pamutu, anthu onse akuwapatsa njira.

Koma achimwene, mumawadyetsa Amayi inu? Aonda, siketi akuchita kumanga ndi pini. Pachakudya akungotola pang'ono n'kusiya, akuti mpunga wa kuno ulibe kukoma. Ntchito yokha ndiye sanasinthe. Tsiku limodzi lokha asuntha bedi langa kulichotsa pawindo, amata mipata yonse yolowa mphepo, ndipo Torben amuthamangitsira pabalaza. Akumulankhula Chikoreya mokweza ngati wogontha, iye n'kumangogwada.

Foni yanu yobwereka ija aizimitsa atangofika, aikulunga m'sokosi. Akuti imadya ndalama ngakhale ili chete. Mukafuna kulankhula nawo imbani ya m'nyumba muno.

Dzulo ndagona tulo koyamba m'miyezi isanu ndi itatu. Zikomo powatumiza.

Nanhui


Tongyeong, 15 Okutobala 2007

Nanhui,

Moni. Tili bwino. Thupi likuti bwanji?

Uwauze Amayi ayatse foni ija lero lomwe, zodya ndalama asiye, wolipira ndine. Ndaimba ya m'nyumba kawiri, ukuyankha ndiwe, ukawapatsa akungoti "Sindikumva, sindikumva" n'kudula.

Kupatula imelo ino, ndatumiza kalata pa positi yachangu, ifika masiku atatu. Ndi ya Amayi okha. Uwapatse m'manja, usatsegule. Pali nkhani ya kuno kunyumba yofuna iwo, ndipo afunika akhale atafika kuno pasanafike pa 1 Novembala. Tikiti ndisintha ndine. Iwe usadandaule nazo, si zako.

Dusik


Tongyeong, 15 Okutobala 2007

Amayi,

Ndikupatsani moni, ine mwana wanu Dusik.

Lachisanu pa foni yanu munasiya ija panabwera uthenga wochokera ku chipatala chachikulu cha ku Busan. Akuti zotsatira zatuluka, bwerani msanga ndi wachibale. Ndinkayesa asokoneza nambala. Lero ndapitako.

Amayi, pa 19 Sepitembala munandiuza kuti mukupita ku Busan kukagula zovala za mwana. Adokotala andionetsa zithunzi za m'mimba mwanu za tsiku limenelo, ndi kanyama kamene anadula kukayeza. Ndi khansa. Akuti ikadali poti angathe kuichotsa, koma ndi ya mtundu wofulumira, sabata iliyonse ikuwerengedwa. Ndawagwadira, atipatsa malo pa 2 Novembala, mugonekedwe pa 1. Tikaphonya pamenepo, malo ena ndi kumapeto kwa Disembala, ndipo adokotala atanena za Disembalayo anayang'ana pansi.

Ndinaganiza kuti mwina akuchiteni opaleshoni konko. Ndaimbira a inshuwalansi. Akuti matenda amene munthu anapita nawo kale kuchipatala salipira, ndiponso pa fomu tinalemba ayi. Ndinalemba ndi dzanja langa ayi ameneyo, inu mukupukuta tsabola. Pepala lija tsopano ndi loyatsira moto. Mukakomoka kumeneko palibe chokugwirani.

Nanhui sindinamuuze. Mukudziwa magazi ake, mukudziwa ana awiri aja. Akamva izi chinachake n'kuchitika, ine ndidzalowera kuti? Mupezereni chonamizira chilichonse, munene kuti ndine woipa, ndavomera. Koma bwerani.

Ndakwiya nanu, Amayi, ndipo ndikuopa. Yatsani foni.

Dusik


Bremen, 18 Okutobala 2007

Achimwene,

Moni, poti mwambo umatero.

Kalata yanu yachinsinsi yafika m'mawa uno. Ndaiika m'dirowa, ndipo ikhala momwemo mpaka masiku anga makumi awiri ndi limodzi atakwana. Mukuyesa ndine mwana? Nkhani ya kunyumba yofuna Amayi pa 1 Novembala! Ine ndinakulira m'shedi imeneyo, ndikudziwa chimene chimayamba Novembala. Anthu ayamba kupanga kimchi ya chaka, kabichi wosasitsa uja amene amathiramo nkhono, moti nkhono zakwera mtengo, ndiye mwaona kuti dzanja lofulumira kuposa onse lili ku Jeremani.

Zaka zonsezi Amayi alera ana anu, atsegula nkhono zanu mpaka zala kupindika. Ine ndapempha miyezi iwiri yokha pa moyo wanga wonse, ndiye muchotsepo? Mwana sanabadwe n'komwe! Ngati antchito akuchepa lembani ena. Alamu alibe manja?

Ndawafunsa Amayi ngati akudziwa chimene mukufuna. Akuti, "Ameneyo musiye, akasowa masokosi amaitana ine." Za kalatayi sindinawauze, ndipo musandiumirize.

Mwandiliritsa, ndipo adokotala anandiletsa.

Nanhui


Bremen, 21 Okutobala 2007

Achimwene,

Moni nonse. Ndachira Lachisanu pa 19, mwana wamkazi. Zinavuta, magazi anakwera kwambiri mpaka anandithamangitsira ku opaleshoni, koma tonse tili moyo. Ali ndi tsitsi lambiri ndi chipumi cha Abambo. Dzina ndi Sora.

Amayi anaima panja pa chitseko maola asanu ndi anayi osakhala pansi. Msuzi akubweretsa m'botolo, anamwino akungoyang'anana. Ndikadakhala ndekha sindikudziwa.

Ndikadali wokwiya nanu, koma ndinu amalume tsopano, ndiye ndati mudziwe.

Nanhui


Tongyeong, 24 Okutobala 2007

Nanhui, mlongo wanga,

Moni kwa iwe ndi kwa Sora. Mlamu wako analira ndi chimwemwe, ine ndinapita kukawauza Abambo kumanda. Wagwira ntchito yaikulu.

Za nkhono zija unene mmene ungathere. Unditche wadyera, wouma mtima, chilichonse. Sindikuyankha. Koma kalata ija uwapatse Amayi. Ndakugwira mwendo. Chiyambire ndinakupemphapo chiyani ine? Pamene unkapita ku Jeremani Abambo akukana, anakuimira ndani? Sindikuwerengera, ndikungofuna ukumbuke kuti mchimwene wako si chilombo.

Dzulo ndinaimba uli kuchipatala, anayankha Amayi. Ndisanamalize n'komwe "Amayi, ku Busan", anati, "Bambo a Minu, mpunga ukupserera," n'kudula. Ndaimbanso kasanu, osayankha. Torben ndingamuuze bwanji, ine Chijeremani changa ndi moni yekha?

Kwatsala masiku asanu ndi atatu. Ndasungitsa malo m'ndege ya pa 30. Sindikudya, m'shedi ndikungozungulira ngati nkhuku yodula mutu. Kalatayo ili m'dirowa mwako, Nanhui. N'kungotsegula dirowa n'kuyenda masitepe asanu.

Dusik


Bremen, 28 Okutobala 2007

Achimwene,

Sindikupatsani moni, ndilibe.

M'mawa uno ndinadzuka kukamwa madzi ofunda, ndinapeza Amayi atagwada kubafa akusanza. Zinali zakuda ngati khofi. Atandiona anatsegula madzi msangamsanga, akuti ndi soseji ya Torben. Amayi sanalawepo soseji chifikireni.

Ndinapita kudirowa. Ndawerenga.

Masiku khumi, achimwene! Masiku khumi kalata imeneyi yagona pansi pa matewera, ine ndikudutsa pamenepo n'kumadzitama kuti ndakukhaulitsani. Ndinakunenani za nkhono. Ndinatchula alamu. Ndikufuna nthaka ing'ambike ndilowe.

Koma inunso! Munaona kuti ndine galasi loti lisweka? Mukadangolemba mawu amodzi okha, khansa, bwenzi Amayi ali ku Busan sabata yatha. Inu kusunga mwambo, Amayi kusunga mwambo, nonse kunditeteza ine, ndiye ndidzauze chiyani Sora? Kuti agogo ako anafa chifukwa ankakuphikira mayi ako msuzi?

Ndinawapatsa kalatayo. Anawerenga mpaka pansi, anaipinda bwinobwino, n'kufunsa ngati mwana wayamwa. Ndakuwa, ndalira, ndagwada ndi bala langali. Akuti achoka pa 9 Novembala, tsiku la makumi awiri ndi limodzi, osati dzulo lake. Pasipoti abisa. Torben wagwedeza nyumba yonse, mpaka m'thumba la mpunga, osaipeza.

Torben anafunsa kuchipatala cha kuno. Akuti akakomoka awalandira, koma opaleshoni yokonzekera ayambirenso kuyeza zonse, ndipo popanda inshuwalansi tiyambe taika ndalama imene tilibe. Njira ndi imodzi, ndege ya pa 30. Musachotse malowo.

Nanhui


Bremen, 29 Okutobala 2007

Bambo a Minu,

Ndine mayi ako. Uli bwanji? Akuti sukudya. Idya, usandichititse manyazi. Kalatayi ndampatsa mkamwini atumize pa makina a ku ntchito kwake, poti iye sawerenga Chikoreya.

Wakwiya, ndamva. Inde ndinanama. Adokotala a ku Busan aja atangoona chithunzi anasiya kuseka, ine ndinadziwiratu. Ndatsegula nkhono zambiri, yowola ndimaidziwa ndisanaitsegule. Ndikadati inde pa pepala lako lija, ukadandifunsa kuti chipatala chanji, ndipo ndege sindikadakwera. Foni ndinaisiya ndikudziwa kuti adzaimba. Ndinkayesa uzingoyankha azimayi a kutchalitchi, sindinadziwe kuti umawerenganso mauthenga a eni ake. Abambo ako analibe khalidwe limenelo.

Tamvera. Iwe utabadwa, agogo ako, apongozi anga, anapha nkhuku, anandifunditsa masiku onse makumi awiri ndi limodzi, poti unali mwamuna. Nanhui atabadwa, anasuzumira kamodzi n'kutuluka. Tsiku lachitatu ndinali m'shedi, Januwale, manja m'madzi oundana, mwana ali m'bokosi la nsomba pambali panga. Mayi anga sanabwere, anati kwa eni sapitako chifukwa cha mwana wamkazi. Msuzi ndinadziphikira ndekha, ndikulira. Mawondo awa amandikumbutsa chaka chilichonse. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti kamwana aka kakadzabereka, ndidzakhalapo kuyambira tsiku loyamba mpaka lotsiriza, ngakhale kukhale kumapeto kwa dziko. Ndadikira zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Ndawerenga khumi, atsala khumi ndi limodzi.

Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Wamva m'mimba ndine, ndipo sindinakutume kuti unditsekulire. Adokotala akowo auze adikire. Akakana, Disembala ndi mwezinso.

Kufa ndikuopa, usayese sindiopa. Koma kumusiya mwanayu pakati ndikuopa kwambiri.

Uwauze mayi a Minu asaiwale kutembenuza tsabola ali padenga.

Mayi ako


Bremen, 30 Okutobala 2007

Achimwene,

Moni. Amayi akwera ndege. Afika pa bwalo la ndege la Incheon mawa masana, mukawadikire ndi galimoto, mupite nawo ku Busan osadzera kunyumba. Akakuuzani kuti akufuna akaone kaye tsabola, musamve.

Mufunsa kuti zatheka bwanji. Dzulo lonse ndinachonderera, osatheka. Ndinati ndilemba ntchito mayi wina wa ku tchalitchi cha Akoreya, akuti mlendo sadziwa mchere wanga. Ndinati ndidzabwera ndi Sora chaka chamawa mudzandiphikire masiku onsewo, akuti msuzi wa chaka chamawa suchiritsa bala la lero. Ndiye ndinaona kuti malinga masiku anga akuwerengedwa, iwo sachoka. Ankalondera chinthu, ndipo chinthucho chinali m'manja mwanga.

M'mawa uno ali kukhitchini, ndinalowa kubafa n'kutsegula madzi ozizira okhaokha. Ndinasamba mutu ndi thupi lonse, mano akugundana. Ndinatuluka tsitsi likudontha, ndinavula masokosi, ndinatsegula chitseko cha pakhonde. Kunja kunali chisanu choyera pa udzu. Ndinaima pa simenti opanda nsapato, ndi kapu ya madzi a m'firiji m'manja, n'kuitana, "Amayi, tabwerani muone."

Achimwene, nkhope imene anapanga sindidzaiwala. Chikombe chimene anali nacho m'manja chinagwa. Anathamanga ndi bulangete, akukuwa, "Wapenga! Mafupa ako ali otseguka, mwana wopusa iwe, mphepo ikulowa!" Ndinamwa madziwo onse akuona. Ndinati, "Yalowa kale. Masiku aja aonongeka, Amayi, palibenso choti muwerenge. Mukakhala, mawa ndichitanso, mkuja ndichitanso, ndipo ndizituluka ndi Sora."

Anandimenya mbama. Chibadwire sanandimenyepo kumaso. Kenako anakhala pansi pakhonde pomwepo, anagwira mapazi anga n'kuwaika pamimba pawo kuti afunde, pamimba pomwepo podwalapo, akulira ngati mwana. Akuti, "Wandilanda. Chinthu chimodzi chokha chimene ndinali nacho choti ndikupatse, wandilanda." Ndinati inde, ndakulandani.

Pasipoti inali m'kati mwa pilo wa Sora, anachita kusokerera. Anasomola okha.

Ndawaperekeza mpaka ku bwalo la ndege, poti kutuluka ndinali nditatuluka kale. M'galimoto monse ananyamula Sora, osandiyang'ana. Pachipata anampsompsona mwana, anamuweramira Torben, ine anangondidutsa. Ndinaitana kawiri. Sanatembenuke.

Torben wauza a ndege kuti ndi wodwala, awayendetsa pa njinga ya odwala ku Frankfurt. Sanadye kanthu kuyambira dzulo, muwauze adokotala za kusanza kwakuda kuja. Ine ndili ndi kachifuwa pang'ono, musawauze.

Za nkhono zija mundikhululukire, achimwene. Pa 2 mukaime pachitseko m'malo mwanga, ndipo chilichonse chimene adokotala anene, chabwino kapena choipa, mundiuze tsiku lomwelo. Musandibisirenso kanthu.

Mwina sadzandilankhula mpaka kalekale. Andide zaka khumi, ndavomera, bola zaka khumizo akhale nazo.

Mlongo wanu,
Nanhui